MADZI A M'MJIGO SACHOKERA MALO AMODZI

Alimi anzanga, mwezi wa Okutobala ukafika ife alangizi timalandira madandaulo ofanana kuchokera ku makalabu a ulimi wothirira. Ena amati mjigo umene unkatulutsa madzi tsiku lonse m'mwezi wa Juni tsopano ukungotulutsa mpweya dzuwa likafika paliwombo. Ena amati madzi alipo ndithu koma asanduka amchere, ndipo masamba a nyemba akupsa m'mbali ngati awauka ndi moto. Madandaulowa amadza pa nthawi yoipa, chimanga cha m'dimba chitangomasula, anyezi asanakhwime, ngongole ya pampu ikudikira. Bungwe lathu logula mbewu limakhudzidwa ndi nkhaniyi, popeza mbewu youmira m'munda sifika pa sikelo ya pamsika.

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Koma mlimi amene watenga ngongole sangadikire kuti chitsime chiphwe kuti achidziwe. Nchifukwa chake m'kope lino tifotokoza njira imene akatswiri a zamadzi amayezera madzi a pansi pa nthaka pa malo angapo otalikirana kuya kwake m'dzenje limodzi, zimene kuyezako kumaulula, ndi zimene kalabu ingachite payokha popanda zida zodula.

PANSI PA NTHAKA PALI MAGAWO

Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pa nthaka pali nyanja kapena mtsinje waukulu, ndipo wokumba mjigo amangoboola mpaka kuupeza. Sizili choncho. Madzi a pansi amakhala m'timipata ta pakati pa mchenga ndi miyala, ndiponso m'ming'alu ya thanthwe. Tengani ndowa, mudzazemo mchenga wouma, kenaka muthiremo madzi. Madzi alowa ngakhale ndowayo inkaoneka yodzaza. Umo ndi mmene nthaka imasungira madzi a mvula.

Aliyense amene anakumbapo chitsime kapena dzenje la chimbudzi amadziwa kuti dothi silikhala lamtundu umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Lili m'magawo osanjikizana. Gawo la mchenga ndi timiyala limasunga madzi ndi kuwalola kuyenda msanga. Gawo la dongo limagwira madzi koma siliwalola kudutsa, choncho limakhala ngati chivindikiro pakati pa madzi a pamwamba ndi a pansi.

Kuno ku Malaŵi malo osunga madziwa alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Kumtunda, monga m'zigwa za Lilongwe, Kasungu, Mchinji ndi Mzimba, pamwamba pamakhala dothi lofiira ndi dongo, pansi pake mwala wovunda umene umafumbutuka ngati mchenga, ndipo pansi penipeni thanthwe lolimba lokhala ndi ming'alu apo ndi apo. Madzi ambiri amapezeka kumunsi kwa mwala wovundawo, pamene ukukumana ndi thanthwe. Mijigo ya kumtunda nthawi zambiri imapereka madzi ochepa, okwanira pampu yopukusa ndi manja. M'mbali mwa nyanja, monga ku Salima, Nkhotakota ndi Karonga, m'chigwa cha Bwanje, mozungulira nyanja ya Chilwa ndiponso ku Chikwawa ndi Nsanje, nthaka inaunjikidwa ndi mitsinje kwa zaka zosawerengeka. Kumeneko mchenga ndi dongo zimasinthana kangapo, ndipo gawo lililonse la mchenga likhoza kukhala ndi madzi akeake, osiyana kukoma ndiponso mphamvu imene amakwera nayo m'paipi.

VUTO LA MJIGO WAMBA

Mjigo wamba uli ndi paipi imodzi. Kumunsi kwake, kapena pa malo angapo, paipiyo ili ndi timing'alu tolowera madzi, timene timagwira ntchito ngati sefa. Madzi a magawo onse amene sefayo yakhudza amalowa ndi kusakanikirana. Mukayeza mjigo wotere mumapeza nambala imodzi yokha, ndipo nambalayo siikuuzani gawo limene likupereka madzi ambiri, limene likuphwa, kapena limene likubweretsa mchere.

Inu amene mumagulitsa mtedza ku msika wathu mukudziwa chimene chimachitika mlimi akasakaniza mtedza wabwino ndi wowola m'thumba limodzi. Thumba lonse limatsika giredi, ndipo palibe angadziwe munda umene wowolawo wachokera. Madzi a mu mjigo wamba ali ngati thumba losakaniza lija.

Pali vuto linanso. Dzenje lokumbidwa mosasamala, lopanda simenti yotseka kukhosi kwake, limasanduka njira. Madzi a pamwamba, amene adutsa pafupi ndi zimbudzi, makola ndi minda yothiridwa feteleza, amatsetsereka kunja kwa paipi mpaka kukalowa m'gawo loyera la pansi. Madzi osefukira akamiza mijigo, monga zinachitikira m'madera ena a Chigawo cha Kumwera m'chaka cha 2015 ndiponso nthawi ya namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, njira yomweyi ndi imene imalowetsa zonyansa m'madzi akumwa.

KAMANGIDWE KA CHITSIME CHOYEZERA

Pofuna kudziwa za gawo lililonse palokha, akatswiri amamanga chitsime chimene ntchito yake ndi kuyezera basi. Sichitungidwa ndipo sichiikidwa pampu. Njira zake zilipo zitatu.

Njira yoyamba ndiyo kukumba dzenje limodzi lotakasuka ndi kutsitsiramo mapaipi ang'onoang'ono awiri kapena atatu otalika mosiyana. Paipi iliyonse ili ndi sefa yaifupi kumapeto kwake, ya mita imodzi kapena awiri. Amayamba ndi paipi yaitali. Mozungulira sefa yake amathira mchenga wotsukidwa bwino, ndipo pamwamba pa mchengawo amathira dongo lapadera lotchedwa bentonite, limene limafufuma likanyowa ndi kutseka mpata wonse. Akatero amatsitsa paipi yachiwiri, mchenga, dongo, kenaka yachitatu chimodzimodzi. Pamwamba amatseka ndi simenti ndi kuika chivindikiro cha loko. Paipi yoyezera yotere akatswiri amaitcha piezometer. Mtima wa ntchito yonseyi ndi dongo lotsekera lija. Likapanda kugwira bwino, madzi a magawo onse amakumananso ndipo mapaipi atatu aja amangonena chinthu chimodzi.

Njira yachiwiri ndiyo kukumba maenje awiri kapena atatu moyandikana, lililonse ndi kuya kwake ndi paipi yake. Njirayi imadya ndalama zambiri zokumbira, koma kutseka kwake nkosavuta ndipo nkodalirika.

Njira yachitatu ndiyo ya zida zopangidwa ku fakitale. Ku Canada kunapangidwa zida monga Westbay ndi Waterloo, zimene zili ndi timakomo tambiri m'paipi imodzi, kalikonse kotsekeredwa pakokha. Palinso paipi ya pulasitiki yotchedwa CMT imene mkati mwake inagawidwa tinjira 7, kanjira kalikonse kotsegukira pa gawo lake. Katswiri wina amene anathandiza kwambiri pa kayezedwe kotere, John Cherry wa ku Canada, analandira mphotho ya Stockholm Water Prize m'chaka cha 2020. Zida zimenezi nzodula ndipo zimagwiritsidwa ntchito makamaka pa kafukufuku, pa migodi ndi pa malo amene mafakitale aononga madzi. Kwa ife kuno njira ziwiri zoyamba zija ndizo zotheka.

Poyeza amagwiritsa ntchito tepi yokhala ndi kachitsulo kumapeto, kamene kamaliza belu kakangokhudza madzi. Amawerenga mamita kuchokera pa mlomo wa paipi mpaka pa madzi. Masiku ano palinso timakina totalika ngati chala timene amatimangirira m'paipi, ndipo timalemba tokha kukwera ndi kutsika kwa madzi ola lililonse kwa miyezi yambiri.

ZIMENE MAPAIPI AMATIUZA

Tiyeni tiyerekeze. Pafupi ndi mjigo wa kalabu pali chitsime choyezera cha mapaipi atatu: yaifupi ya mamita 8, yapakati ya mamita 20, ndi yaitali ya mamita 35. Milomo yake yonse ndi yolingana. Manambala amene tipereke apa ndi ongophunzirira.

Choyamba, mapaipi amaonetsa kumene madzi akulowera. Ngati madzi a m'paipi yaifupi ali pa mamita 2, a m'paipi yapakati pa mamita 3, ndipo a m'paipi yaitali pa mamita 4, ndiye kuti madzi akutsika kuchokera pamwamba kunka pansi. Malo otere ndi khomo lolowera mvula. Ayenera kusamalidwa: mitengo isadulidwe, mizere ikhale yopingasa, ndipo zimbudzi ndi maenje a zinyalala zisayandikire. Koma ngati madzi a m'paipi yaitali ndiwo aima pamwamba kuposa a m'paipi yaifupi, ndiye kuti madzi a pansi akukankhira kumwamba. Izi zimaoneka kawirikawiri kumunsi kwa madambo ndi pafupi ndi akasupe, ndipo ndicho chifukwa chake malo otere amakhala a chinyontho ngakhale m'chilimwe.

Chachiwiri, mapaipi amaonetsa ngati magawo ali olumikizana. Tinene kuti pampu ya kalabu ikukoka madzi pa mamita 35. Ikagwira ntchito tsiku lonse, madzi a m'paipi yaitali atsika ndithu. Tsono yang'anani paipi yaifupi. Ngati siinasunthe, pali dongo lochindikala pakati. Zitsime zokumba ndi manja za anzanu a m'dimba sizikhudzidwa msanga, ndipo zonyansa za pamwamba sizifika pansi mosavuta. Koma dziwaninso kuti gawo lotsekeredwa chotere limachedwa kudzaza, chifukwa mvula yogwa pamwamba pake siilowamo mwachindunji. Ngati paipi yaifupi ikutsika pamodzi ndi yaitali, magawowo ndi amodzi. Pampu yanu ikumwa madzi omwewo amene amayi akutunga pa chitsime cha m'mudzi, ndipo mukapanda kugwirizana za maola opopera, mlandu ukafika kwa a mfumu.

Chachitatu, mapaipi amaonetsa ngati nkhokwe ya pansi ikudzazanso. Madzi amatsika chaka chilichonse kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba, ndipo amakwera kufika pachimake cha m'ma Malichi kapena Epulo. Kutsika kwa m'chilimwe sikodetsa nkhawa. Chodetsa nkhawa ndi pamene madzi a mu Epulo wa chaka chino ali pansi kuposa a mu Epulo wa chaka chatha, ndipo a chaka chatha ali pansi kuposa a dzana, mvula ikugwa bwino. Pamenepo ndiye kuti tikutapa m'nkhokwe koposa zimene tikuthiramo. Paipi yaifupi imayankha mvula m'masiku ochepa, pamene yaitali ikhoza kutenga milungu kapena miyezi. Pa chifukwa chimenechi zotsatira za chilala, monga cha 1992 kapena cha 2016, zikhoza kuonekera m'gawo la pansi mochedwa, anthu ataiwala kale.

KUYA SIKUTANTHAUZA KUKOMA

Paipi iliyonse imapatsanso mwayi wotunga madzi a gawo limodzi lokha ndi kukawayeza. Apa ndi pamene zambiri zobisika zimaululika.

Ku Chikwawa ndi Nsanje kuli mijigo imene anthu anaisiya chifukwa cha mchere. Malo ena madzi okoma amakhala pamwamba, makamaka pafupi ndi mitsinje, ndipo amchere amakhala pansi pake popeza ndi olemera. Mukapopa mwamphamvu pa malo otere, madzi amchere amakokeka nakwera kulowa mu sefa, ndipo akalowa sachoka msanga. Malo ena nzosiyana: madzi apafupi ndiwo amchere chifukwa dzuwa limawaumitsa mchere nkumatsalira, pamene okoma ali pansi pa dongo. Palibe angadziwe izi pongoyang'ana pamwamba. Paipi yoyezera yoikidwa kunsi kwa sefa ya mjigo imachenjeza mchere usanafike pa pampu.

Ku Nathenje m'boma la Lilongwe ndi madera ena madzi a m'mijigo ali ndi fluoride wambiri wochokera m'miyala, amene amathimbiriritsa mano a ana. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi ya madzi akumwa, ndipo nitrate, amene amachokera ku zimbudzi ndi feteleza, asapitirire mamiligalamu 50. Nitrate amayamba kuoneka m'madzi a pamwamba. Fluoride amatsata mtundu wa mwala, choncho akhoza kupezeka m'gawo lakuya la madzi ooneka oyera mbee.

Dziko la Bangladesh linaphunzira zimenezi movutikira. Kumeneko anakumba mijigo yosaya miyandamiyanda pothawa madzi a m'maiwe opatsa matenda otsegula m'mimba. M'zaka za m'ma 1990 kunadziwika kuti yambiri mwa mijigoyo inali ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa arsenic, amene alibe fungo kapena kakomedwe. Atayeza madzi potsata kuya kwake anapeza kuti m'madera ambiri madzi ozama kupitirira mamita 150 analibe vutolo. Kumeneko kuya kunathandiza. Pa malo ena a kuno kwathu kuya nkumene kumabweretsa mchere. Choncho lamulo ndi limodzi: yezani musanakhulupirire.

MASAMU A MLIMI WOTHIRIRA

Mijigo yambiri ya m'midzi inakumbidwira pampu yamanja yotchedwa Afridev. Pampu imeneyi inachokera ku ina yotchedwa Maldev, imene inayesedwa kuno ku Malaŵi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa nthawi ya ntchito ya mijigo ya m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu. Imakoka madzi mpaka pa mamita 45. Mjigo umodzi umawerengeredwa anthu 250. Aliyense akatunga ndowa imodzi ya malita 20, pa tsiku pamachoka malita 5,000.

Tsono onani za kuthirira. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. M'nyengo yotentha mbewu ikafuna mamilimita 5 pa tsiku, hekitala imodzi imamwa malita 50,000, kuchulukitsa ka 10 madzi a mudzi wonse uja. Mjigo wotulutsa theka la lita pa sekondi umapereka malita 1,800 pa ola, kapena malita 14,400 pa maola 8 a dzuwa. Madzi amenewa sakwanira ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a hekitala.

Ndinaona ndi maso anga kalabu ina imene inachotsa pampu yamanja ndi kuika pampu ya sola pa mjigo wotere, nkudzala hekitala yathunthu ya tomato ndi chimanga. Mu Julayi zonse zinali bwino. Pofika Okutobala pampu inkayamba kukoka mpweya isanakwane 11 koloko, theka la munda linauma, ndipo amayi anabwerera kukatunga ku mtsinje. Pampu inalibe vuto. Palibe amene anayeza madzi asanagule.

Mchere nawo uli ndi masamu ake. Madzi okhala ndi galamu imodzi ya mchere pa lita munthu akhoza kumwa osadandaula kwambiri. Koma malita 50,000 a madzi otere amasiya makilogalamu 50 a mchere, thumba lathunthu, pa hekitala tsiku lililonse. Nyemba ndi anyezi zimagonja msanga. Chimanga chimapirira pang'ono. Mapira ndi thonje zimapirira kwambiri. Mukaona zoyera ngati phulusa pamwamba pa mizere, nthaka yayamba kudwala.

ZIMENE KALABU INGACHITE

Sitikunena kuti kalabu iliyonse ikumbe chitsime cha mapaipi atatu. Ntchito imeneyi ndi ya Boma, mabungwe ndi masikimu akuluakulu. Koma m'midzi yambiri muli kale chitsime chosaya chokumba ndi manja pafupi ndi mjigo wakuya. Mukamayeza zonse ziwiri, mwayamba kale kuyeza magawo awiri. Tsatirani izi:

1. Sankhani anthu awiri odziwa kulemba, mwamuna ndi mayi, ndi kuwagulira kope la madzi lokha.

2. Ikani chizindikiro cha penti pa mlomo wa chitsime, ndipo nthawi zonse muziyeza kuchokera pomwepo. Mukasowa tepi ya belu, mangani kachitsulo kobowoka kunsi ngati kapu yovundikira ku chingwe choyera chosatamuka. Kakagunda madzi kamamveka kuti phu. Yezani chingwecho ndi tepi wamba.

3. Yezani kawiri pa mwezi, mmamawa anthu asanayambe kutunga. M'miyezi ya Sepitembala mpaka Novembala yezani mlungu uliwonse, mmawa ndi madzulo, kuti muone ngati madzi akubwerera usiku.

4. Musatsegule mutu wa pampu nokha. Itanani mmisiri wa mijigo wa m'dera lanu. Ngati mukukumbitsa mjigo watsopano, pemphani kuti akuikireni kapaipi kakang'ono koyezera pambali pa paipi ya pampu.

5. Lembani tsiku, mamita, maola amene pampu yagwira ntchito, mvula imene yagwa, ndi kakomedwe ka madzi.

6. Pokumbitsa mjigo, wina wa komiti akhalepo kuyambira tsiku loyamba. Wokumba asanalandire malipiro omaliza akupatseni pepala loonetsa mitundu ya dothi imene anadutsa, pamene anapeza madzi, pamene anaika sefa, ndi zotsatira za kupopa koyesa. Pepalali lisungidwe ngati chiphaso cha munda.

7. Musagule pampu musanadziwe malita amene mjigo ungapereke mu Okutobala. Kukula kwa munda kutsate madzi, osati kukula kwa pampu.

8. Chimbudzi, khola ndi dzenje la zinyalala zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, ndiponso kumunsi kwake. Mjigo wakufa musausiye pululu kapena kutayiramo zinyalala. Uzani a zamadzi kuti autseke.

9. Mukaona chitsime choyezera cha Boma m'dera lanu, chitetezeni. Ana asaponyemo miyala ndipo loko asathyoledwe. Mwala umodzi ukhoza kuononga ntchito ya zaka zambiri.

Kumbukiraninso kuti malinga ndi Lamulo la Madzi la chaka cha 2013, wofuna kutunga madzi ambiri a pansi pa nthaka, opitirira a ntchito za pakhomo, ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority. Ofesi ya zamadzi ya pa boma lanu idzakuuzani njira yake.

Kope la madzi silionetsa phindu lake mwezi woyamba. Koma likakwanitsa zaka ziwiri kapena zitatu, lidzakuuzani mu Meyi kukula kwa dimba limene mungalime, mbewu yoyenera madzi anu, ndi mwezi umene muyenera kukhala mutakolola. Safunsa anadya phula. Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu tengani kope ndi chingwe, ndipo pemphani Mlangizi wa m'dera lanu kuti muyeze naye limodzi ulendo woyamba.